Tasunthani Pang'ono, Mayi

Launceston, Tasmania
3 Malichi 1974

Wokondedwa Clifford,

Moni mlongo wanga waulesi polemba. Ndikhulupirira uli bwino, ndi Mayi omwe. Ife kuno tilipo. Mlamu wako Norman akadali kufakitale ya ubweya kuja, akungonenepa ngati nkhumba ya Khirisimasi. Maapozi chaka chino abereka mpaka nthambi kuthyoka, ndaphika jamu woti sitingamumalize ngakhale titaitana msewu wonse.

Kalata yako yomaliza inali yaifupi ngati mchira wa mbuzi, ndipo theka lake linali la kamera yako yatsopano. Za Mayi unangoti ali bwino. Iwe, munthu wachikulire ngati uja amangokhala bwino basi? Akudya? Nanga mwendo uja? Kutchalitchi akupitabe wapansi?

Ndikudziwa kuti makalata anga umawawerengera pa tiyi, iwo n'kumayang'ana kuzenera ngati sakumva. Ndiye ndime ikubwerayi uidumphe, chonde.

Maso anga akuvutako pang'ono. Si ng'ala ayi, ng'ala amachotsa. Dokotala wa ku Hobart akuti ndi mtsempha wa kuseri kwa diso umene ukufota, ndipo mankhwala ake kulibe. Anandiuza mwaulemu kwambiri kuti zimene ndikufuna kuona ndizione chaka chino. Si nkhani yoti tizilira nayo. Koma Mayi asadziwe. Chichokereni ine kwathuko, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi tsopano, sanandilemberepo ngakhale liwu limodzi, ndipo sindikufuna kuti ayambe chifukwa cha chisoni. Nkhope yawo ndinaiona komaliza pa siteshoni ya ku York, ndipo sinkayang'ana ine. Ndaisowa, Clifford.

Apa pitiriza kuwerenga mokweza. Poti kamerayo ukuitama chonchi, ndili ndi pempho. Upite kumabwinja a amonke kuja, kumene ansembe akalekale aja ankakhala, ukandijambulire. Masiku ano ndikumawalota. Makamaka kakhoma kakafupi kaja ka kukhitchini ya amonke, pamene Mayi ankakhala Lamlungu masana ndi fulasiki ya tiyi, ife tikuthamangitsana m'zipilala. Uwatenge Mayi akapitidweko mphepo. Amakonda kukhala pakakhoma paja. Ujambule pamenepo.

Ndine mlongo wako,
Glenys


Skelbeck, Yorkshire
5 Meyi 1974

Okondedwa achemwali,

Moni. Kalata yanu tinailandira, ndipo ndime ija ndinaidumpha bwinobwino, ngakhale Mayi anafunsa kuti chanditsokomoletsa n'chiyani pakati pa tsamba. Pepani ndi masowo. Koma madokotala amakonda kuopseza anthu, achemwali. A Ackroyd a kukalabu yathu ya ojambula anauzidwapo zonga zomwezo, anangosintha magalasi, lero amaona nsomba ili pansi pa mtsinje. Poti mwati si nkhani yolira nayo, inenso sindilira. Zithunzi ndatsukitsa zikuluzikulu kuti musavutike.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinkadikira kuti mitengo iphuke. Kujambula mabwinja mu Malichi n'kutaya filimu, thambo limakhala ngati madzi otsukira mbale.

Tinapita Loweruka la sabata yatha pa basi. Koma Mayi anandidabwitsa! Lachisanu anakapotetsa tsitsi kwa Mavis, m'mawa mwake n'kutulutsa chikhothi chabuluu chija cha paukwati wa msuweni wathu, ndi chipewa chake chomwe. Ndinati, "Mayi, tikupita kokaponda ndowe za nkhosa, osati kwa bishopu." Anangoti, "Samala zako."

Titafika anakakhala pakakhoma kanu kaja, chikwama pamaondo, atawongola msana ngati ali m'khoti. Dzuwa linali litangowomba bwino pamiyala, ndere zonse zikuwala. Ndinati, "Tasunthani pang'ono, Mayi, Glenys akufuna khomalo." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Watero?" Ndinati eya, mesa munamva nokha m'kalata. Ananyamuka n'kukaima kuseri kwa chipilala mpaka nditamaliza. Pobwerera anandifulatira njira yonse, ndiyesa mwendo unkawawawa.

Muona nokha ntchito yake. Zenera lalikulu lakum'mawa lija, lopanda galasi chichokereni amonke, ndalitenga mitambo ikudutsa mkati mwake. Pa zithunzi zonsezi palibe munthu ngakhale mmodzi, ndipo musaone ngati n'zamasewera. Kunali ana a sukulu basi yathunthu, ndinadikira mpaka onse atapita. Kukalabu timati munthu pachithunzi cha bwinja ali ngati ntchentche mu mkaka.

Mumupatse moni Norman. Jamuyo mukanatumizako.

Mlongo wanu,
Clifford


Launceston
9 Juni 1974

Iwe Clifford,

Moni. Zithunzi zafika. Ndaziyala pathebulo la kukhitchini pafupi ndi zenera, ndikumaziona ndi galasi lokuzira zinthu limene Norman anandigulira. N'zokongola, sindikana. Norman akuti zikufanana ndi za pa kalendala ya kubanki. Kakhoma ndakaona. Ndakayang'ana mwala ndi mwala mpaka mutu kuwawa, kuti mwina pali china chimene ndachiphonya. Ndi khoma ndithu.

Chikhothi chabuluu chija akadali nacho eti? Chikuwakwanabe? Tsitsi layera lonse kapena patsala pakuda? Iwe umadzaza tsamba ndi mitambo, za mayi ako n'kungodutsapo. Unabadwa choncho. Uli mwana unkatha kuyang'ana chule tsiku lonse, nyumba ikupsa kumbuyo kwako.

Tamvera tsono. Zipilala zimenezi ine ndinaiwala kutalika kwake. Pachithunzi chopanda munthu sindingadziwe ngati khomo lija ndi lalitali ngati nyumba kapena ngati kabati. Upitenso, ndipo ulendo uno uimikepo munthu kuti ndiyerekeze. Munthu aliyense amene wapita naye. Akhale pafupi, osati kadontho kutali uko, maso angawa sakoka. Ayang'ane kukamera.

Apa udumphenso. Diso lamanzere latseka pakati, ndikungoona m'mbalimbali. Nyuzi ndasiya kuwerenga. Ulendo uno usadikire mitengo.

Kuno kwazizira, mapiri ayera chipale. Uwapatse moni Mayi, ngati angaulandire.

Glenys


Skelbeck
18 Ogasiti 1974

Okondedwa achemwali,

Moni, ndipo musandikalipire. Juni yense ndi theka la Julayi kunali mvula yamvumbi, ndipo dzuwa litabwera a Ackroyd anali ku Scarborough ndi akazi awo. Ndinafuna tipite nawo chifukwa ali ndi galimoto, komanso nkhani yoyerekeza kutalikayi amaidziwa kuposa aliyense kukalabu.

Maganizo anu ndi abwino, ndavomera. Kukalabu lamulo lathu ndi lakuti ngati munthu aikidwa pachithunzi cha bwinja, avale chofiira, kuti diso lipeze pogwira. A Ackroyd amasunga jekete yofiira m'galimoto chifukwa cha ntchito yomweyi.

Mayi atamva kalata yanu anangoti, "Ndipita nawo." Anakapotetsanso tsitsi! Mavis alemera nafe chaka chino. Titafika, ine ndikukonza kamera, ndinangoona Mayi atakaima okha pansi pa khomo lalikulu lija popanda wowatuma, manja atagwira chikwama, chibwano m'mwamba. Ndinawafotokozera bwinobwino kuti chikhothi chabuluu chimamira mu mthunzi wa miyala, sichioneka. A Ackroyd anavala jekete yawo n'kukaima pomwepo. Mayi anati, "Nanga ine ndabwerera chiyani?" Ndinati kudzapitidwa mphepo, monga ananenera Glenys. A Ackroyd, munthu waulemu, anati, "Mayi Garbutt, bwanji tiime tonse awiri?" Mayi anati, "Ayi bambo, ndingamuwonongere mwana ntchito."

Anakakhala pafupi ndi mtsinje, mphepo ikuwomba, n'kumaponyera akhwangwala buledi yense amene tinatenga. Ndinawauza kuti akadikire m'galimoto, anakana. Ukalamba ukuwasintha, achemwali, masiku ano sachedwa kukhumudwa ndi zinthu zazing'ono.

Chithunzi cha a Ackroyd chatenga nambala yachiwiri pampikisano wa kukalabu. Oweruza anati chikusonyeza kuchepa kwa munthu pamaso pa zaka. Ndakutumizirani chachikulu, ndipo ayang'ana kukamera monga munanenera. Tsopano muona kuti khomolo ndi lalitali kuposa anthu anayi osanjikizana. Chipale chikagwa ndidzapitanso, mabwinja aja mu chipale simunawaonepo pachithunzi.

Masowo ali bwanji? Magalasi munasintha?

Mlongo wanu,
Clifford


Launceston
1 Sepitembala 1974

Clifford,

Kalata iyi yonse usawawerengere. Ukawerengere kuchimbudzi ngati kulibe kwina.

Chitsiru iwe! Chitsiru cha mwana wa mayi anga! Ndakhala pazenera ndi galasi langa, ndi diso limodzi limene latsala, kuyang'ana nkhope ya bambo wandevu amene sindikumudziwa. Ndevu zake ndaziona bwino kwambiri, umuuze. Norman anandipeza ndikuseka, kenako anaona kuti sikunali kuseka.

Ndilembe ngati ndikulembera mwana wa kalasi yoyamba. Sindikufuna khoma. Sindikufuna zenera, mitambo, chipale kapena amonke, ngakhale atadzuka onse m'manda n'kuvala zofiira. Ndikufuna nkhope ya mayi anga ndisanachite khungu. Ndi zokhazo zimene ndakhala ndikupempha kuyambira Malichi.

Udzafunsa kuti bwanji sindinanene. Iwe unali kokagula nyuzi pamene sitima inkafika pa siteshoni paja, sunamve. Bambo tinali titangowaika miyezi yochepa, ine n'kumakwera sitima ndi Norman kupita kumalekezero a dziko. Mayi anandiuza kuti, "Wasankha nyanja, nkhope yangayi uiiwale." Ndiye ndikanayamba bwanji kuipempha? Ndinkadziwa kuti ndikakuuza, iwe ukangofika n'kunena kuti Glenys akufuna chithunzi chanu, ngati ukupempha mchere. Akanakana, ndipo kukanidwa kachiwiri sindikanapirira. Ndinaganiza kuti ndikapempha khoma limene amakhalapo, iwo adzakhalapo, iwe udzajambula, palibe amene wapempha, palibe amene wavomera. Kwathu timatero, si choncho? Sitipempha chinthu ndi dzina lake.

Ndipo iwo anamva, Clifford. Anamva kuyambira kalata yoyamba. Munthu sapotetsa tsitsi chifukwa cha nkhosa. Kawiri konse anavala, anapita, anaima pamaso pako kuti ndiwaone, iwe n'kuwachotsapo. Ndikaganiza za iwo ataima kuseri kwa chipilala ndi chipewa chawo, mtima wanga ukuwawa kuposa maso.

Mlandu si wako wekha. Inenso ndinakulembera kuti si nkhani yolira nayo. Ndi nkhani yolira nayo. Ndikulira tsiku lililonse Norman akapita kuntchito.

Tenga kamerayo lero. Kukhitchini, pakhomo, pothira zinyalala, paliponse. Usadikire dzuwa. Utumize pa ndege.

Glenys


Skelbeck
20 Okutobala 1974

Achemwali,

Ndilibe poyambira. Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pakhomo, kenako ndinakhala pansi pamasitepe mpaka wa mkaka anandifunsa ngati ndadwala. Manyazi andigwira oti sindingathe kuwalemba.

Inapeza Mayi ali gone. Chifuwa chinawayamba titangochokera kumabwinja kuja, chinasanduka chibayo, ndipo masabata awiri dokotala ankabwera tsiku ndi tsiku. Sindinakulembereni chifukwa ndinkaopa kuti ndilemba zina, mawa lake n'kulembanso zina. Tsopano zoopsa zadutsa, koma aonda kwambiri. Sakutsika m'chipinda.

Atayamba kumwa msuzi ndinawauza kuti Glenys akufuna chithunzi chanu, osati cha khoma. Anati, "M'Yorkshire monse muno ndiwe wekha amene sunadziwe. Ngakhale mnzako wandevu uja anadziwa." Ndinafunsa kuti nanga bwanji simunandiuze. Anati, "Ndikanati chiyani? Ndijambule? Mwini wake anapempha khoma."

Ndinathamangira kamera. Anadzifunditsa bulangete mpaka kumutu. Akuti, "Mwana wanga andione chonchi, tsitsi lili nyankhalala, mano ali m'kapu? Akaganize kuti wamutumizira mzukwa? Ndikadzuka tipita pakhoma paja, ndikavale ngati munthu. Wadikira zaka zonsezi, sangafe ndi miyezi iwiri." Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za maso anu, ndinakumbukira kuti munandiletsa, ndinatseka.

Ndiulule chinanso. Tsiku lina masana akugona ndinawajambula mwakabisira. Chitabwera kotsukitsa ndinachiyang'ana, ndinachita mantha. Pakamwa pali yasa, masaya atalowa, ngati munthu amene watisiya kale. Ndinati achemwali sangaone ichi kukhala chomaliza. Ndinachiponya m'mbaula pamodzi ndi filimu yake. Moto utangogwira ndinadziwa kuti ndalakwanso.

Ndiloleni ndiwauze, achemwali. Akadziwa, alola lero lomwe. Yankhani msanga.

Clifford


Launceston
10 Novembala 1974

Clifford,

Pepa ndi zilembo zazikuluzi, mizere sindikuiona.

Usawauze. Ndimawadziwa. Akamva sadzalola za pabedi, adzadzuka ndi chibayo chawocho, kuvala, n'kupita kumphepo ya kumabwinja, tiwataye. Bola ndisawaone koma akhale moyo kusiyana ndi kuwapha ndi chithunzi.

Chimene unawotchacho ukanatumiza. Pakamwa pali yasa ndi pakamwa pa mayi anga. Ndikanachilandira ndi manja awiri.

Uziwapatsa msuzi wa nkhuku. Akangodzuka, fulumira. Diso lamanja likuonabe pang'ono m'mawa.

G.


Skelbeck
16 Malichi 1975

Okondedwa achemwali,

Moni. Makalata anga a Disembala ndi Januwale simunayankhe, ndikhulupirira anafika. Ndikumayang'ana wa positi ngati mwana.

Nazi zithunzi. Mayi anayamba kutsika masitepe kumapeto kwa Febuluwale. Nthawi yonse ya chisanu ndinkawanyengerera kuti ndiwajambule pampando wa pamoto, ankangoti pakhoma paja kapena ayi. Kamera anandilanda n'kuitsekera m'kabati yawo, kiyi pansi pa pilo. Lachiwiri la sabata yatha anandipatsa okha n'kunena kuti, "Kaitane mnzako wa galimoto. Jekete asiye kunyumba."

Kunali kamvula kowaza, thambo lili mbuu. Sindinadikire kalikonse. Ndinamaliza filimu yonse pa iwo okha, pafupi, monga munanenera. Kumbuyo kwawo kukuoneka bini ya zinyalala, ndipo pa china pali galu wa eni ake akukweza mwendo pachipilala. Kukalabu sindingazionetse, ndipo ndasiya kupitako. Ankandikalipira nthawi yonseyo kuti ndifulumire, mwala ukuzizira. Koma nditati ndamaliza anati, "Jambulanso chimodzi, ndinaphethira."

Pobwerera anagula pepala ndi envelopu pasitolo ya pakona. Dzulo akhala nalo pathebulo masana onse. Ndaliika m'kati momwemu. Sindinawauze chilichonse.

Chonde ndiuzeni kuti zafika pa nthawi yake.

Clifford


Glenys,

Ndine. Za pa siteshoni zija tisazikumbe, nthawi yapita.

Ndakalamba, usadabwe. Mlongo wako ndi wopusa koma kamera yake sinama. Uziyang'ane bwinobwino, kenako undilembere ine mwini wake, osati kudzera kwa uyu. Undiuze ngati ukundizindikira. Anthu kutchalitchi akuti ndayamba kufanana ndi agogo ako a ku Whitby. Ine ndikukana. Uweruze ndiwe, unkawadziwa.

Uzivala zofunda, ndamva kuti kumeneko nyengo ndi yotembenuka.

Mayi ako


Launceston
6 Epulo 1975

Wokondedwa Clifford,

Moni. Usadabwe ndi dzanjali, akulemba ndi Norman, ine ndikungonena. Kalata iyinso ndi yako wekha.

Zafika Lachinayi. Diso lamanja linatseka pakati pa Januwale. Ndinadzuka tsiku lina n'kumufunsa Norman chifukwa chake sanatsegule makatani, chonsecho anali atawatsegula kale. Makalata ako anafika, koma ndinalibe mawu okuyankha. Ndimasiyanitsa usana ndi usiku, basi.

Usadzipweteke nazo. Ndakutukwana kokwanira mumtima, ndatopa. Tonse atatu ndife amodzi, aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe kunena. Ndikudandaula chaka chathachi, Clifford. Ndinali ndi maso, ndinali ndi pepala ndi cholembera, ndinalemba za khoma.

Zithunzi ndazigwira chimodzichimodzi. Norman anandigwira chala n'kuchiika pamene pali nkhope. Ndi pepala losalala, lozizira. Ndinamufunsa kuti akuoneka bwanji, akuti ndi mayi wachikulire wovala chikhothi. Amuna inu! Lemba zimenezo, Norman, usadumphe. Ndinafunsa ngati akumwetulira, akuti sakudziwa, mwina pang'ono. Iyeyu Mayi anawaona kangapo kokha kalekale, agogo a ku Whitby sanawaonepo n'komwe. Sangandithandize.

Kalata ya Mayi wandiwerengera mpaka ndailoweza. Andifunsa funso, ndipo akudikira yankho. Za maso ndidzawauza, koma osati m'kalata yoyamba. Yoyambayi ndikufuna ailandire kuchokera kwa mwana amene wawaona.

Ndiye nali pempho langa, ndipo ulendo uno ndikulitchula ndi dzina lake. Mawa pa tiyi ukhale moyang'anana nawo, uwayang'ane. Wakhala nawo nyumba imodzi moyo wako wonse, koma sindikudziwa ngati unayamba wawayang'anapo. Kenako ukandilembere nkhope yawo. Makwinya ali pati, akuya bwanji. Mlomo ukupendekera mbali iti akafuna kuseka n'kudziletsa. Ngati akufanana ndi agogo, unene pamene akufanana, mphuno kapena chibwano, kuti akandifunsa ndisagwidwe bodza. Usakongoletse, ndipo usasiye kanthu poganiza kuti n'koipa.

Uyambire pa maso.

Mlongo wako,
Glenys